Zala Zinayi ndi Theka

Tasenderani kuno, inu amene mwafika pa tsamba lino nkhope ili ngati mwaluma ndimu. Ndikufunseni kanthu. Ndili ndi mwana wanga, khosi lalitali, tsitsi lake n'zingwe zinayi basi. Akamayankhula paphwando palibe amamutchera khutu, koma akangoti zii, aliyense amasiya kuvina. Ndani ameneyo?

Mwalephera? Musachite manyazi, nanenso ndinamudziwa nditamera kale imvi. Ndi gitala ya besi, ija yolira mokhuthala pansi pa zinzake, imene munthu amaimva ndi m'mimba osati ndi makutu.

Ine ndine Glory wa ku Lewisham, mu London muno. Ndinakulira pa famu ya fodya ku Zimbabwe, komwe bambo athu anakagwira ntchito kuchokera ku Dedza, ndipo sukulu ndinaisiya tsiku limene aphunzitsi anayamba kufunsa mafunso achipongwe. Ndiye za nyimbo musandiyese katswiri. Koma nkhani ya Ruramai, mwana wa malemu mchimwene wanga, ndikuidziwa bwino, chifukwa inachitikira m'nyumba mwanga, madiresi anga akuonerera.

Ruramai anafika ku London ali wamasiye, atanyamula chikwama chimodzi ndi luso limodzi: kuimba besi. Lamlungu ankaimba kutchalitchi kwathu, masiku ena onse ankagwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti ina. Tsiku lina makina odulira nyama anamudya chala cha mkombaphala cha kumanja, kuchidula pakati penipeni. Ntchito inathera pomwepo.

Mwina simukudziwa. Woimba besi amayenda pa nsambo ndi zala ziwiri, mkombaphala ndi chapakati, ngati miyendo ya munthu. Mwana uja anatsala ndi mwendo umodzi.

Bala litapola anabwerera kutchalitchi, koma anapeza pamalo pake paima a Rogers, bambo wa ku Lusaka woyendetsa galimoto ya katundu, amene pakamwa pawo pamathamanga kuposa galimotoyo. Anamupatsa gitala kuti ayese. Anayesa. Chala chinamupweteka, nyimbo inatsimphina, akwaya anayang'ana pansi. A Rogers anamuvula gitalayo paphewa anthu onse akuona.

"Iwe Ruramai, besi ni ya bantu ba zala faivi," anatero m'Chinyanja chawo cha m'tauni. "Iwe uli na folo na hafu. Yenda ukathandize kuika mipando. Ine ku Lusaka bazungu benze kunigwadila ati tiphunziseni."

Tinabwerera kunyumba pa basi. Titafika, anatenga kabesi kake kakale, kokhulika penti, n'kukakankhira pansi pa bedi.

"Azakhali, mukapeza woifuna mungomupatsa."

Miyezi itatu inadutsa. Ankadya ngati mbalame, kuseka anaiwala. Ndinamupempherera, ndinamulangiza, ndinamukalipira, zonse zinangodutsa pamwamba. Ndiye ndinati, Glory, gwiritsa ntchito mphatso imene Mulungu anakupatsa, yosowetsa anthu mtendere.

Masana ena ndinatulutsa gitala ija, kuikoleka chadodolido, n'kuyamba kuikwapula ndi chipande ndikuimba nyimbo ya maliro. Tsiku loyamba anatseka chitseko. Lachiwiri anadziphimba ndi pilo. Lachitatu anatuluka maso ali psu.

"Azakhali, mukuipha! Sagwira choncho!"

"Nanga amagwira bwanji? Ine sukulu ndilibe."

Anandilanda. Chifukwa cha mkwiyo sanaganize n'komwe za chala chodukacho. Anangomenya nsambo yaikulu ndi chala chachikulu, n'kumveka kuti *dum!* Anaima. Anamenyanso.

"Eya," ndinatero ine, "kani chachikulucho makina aja anakusiyira?"

Anangondiponyera diso. Koma gitala sinabwererenso pansi pa bedi.

Kuyambira pamenepo anayamba kuonera pa foni akatswiri a besi a nyimbo za roko, zija zaphokoso zomwe oimba ake amaoneka ngati sanapesepo chibadwire. Mayina awo lilime langa limakana, ndiye ndinawapatsa anga. Panali Chipilala, woima njo osagwedezeka, koma zala zikugogoda nsambo ngati kalaliki pa taipi. Panali Chule, wolumphalumpha wosavala malaya, womenya ndi chala chachikulu n'kukoka nsambo yaing'ono mpaka ilire kuti *twa!* Panali Hatchi, amene akayamba umangomva ziboda zikuthamanga. Ndiye panali Chigayo, wokwecha ndi kapulasitiki, mawu ake ngati injini ya dizilo m'mawa wa Juni.

"Onsewa ali ndi nthawi yawo imene anzawo amakhala chete, iwo n'kuimba okha," anandifotokozera Ruramai. "Pamenepo m'pamene umadziwa munthu. Palibe pobisala."

Kwa aliyense anabako kena kake. Chala chachikulu anachiphunzitsa kumenya potsika ndi pokwera pomwe, kuti chigwire ntchito ya zala ziwiri. Chapakati chinkakoka. Dzanja lamanzere linaphunzira kugogoda lokha pakhosi pa gitala. Ndipo kachitsa kaja, kamene ankakabisa m'thumba tikamakwera basi, anapeza kuti n'kotalika ndendende kugona pa nsambo imene sikufunika kulira, n'kuitontholetsa. Anzake azala zonse amavutika zaka kuti nsambo zisamalongolole zokha. Iye mlonda anali naye kale.

Sipika sitikanayatsa, chifukwa pansi pathu pamakhala anamwino awiri ogona masana. Ndiye ankatsamiritsa mutu wa gitala pa chitseko cha wadiropu yanga, thabwa lonse n'kumang'ung'uza motsitsa. Ndikukuuzani, madiresi anga avina roko zaka ziwiri. Lija lobiriwira mpaka linaonda.

Musaganize kuti zinayenda myaa. Anapeza ntchito yokolopa m'maofesi, ndipo akaweruka manja ali olema ankakhalabe pa wadiropu paja maola awiri. Chala chachikulu chinatuluka matuza, matuza anaphulika, khungu linauma gwa. Anakayesa mwayi ku mabandi atatu. Awiri anati adzamuimbira foni, ndipo mpaka lero foni yawo ikadali m'njira. Achitatu, ku Romford, anangoyang'ana dzanja lake n'kunena zikomo asanatsegule n'komwe chikwama. Analira m'sitima ulendo wonse.

"Ndasiya, Azakhali."

"Chabwino. Ndipatse, chipande changa chili pafupi."

Anaseka misozi ili mbwe, ndipo mawa lake wadiropu inang'ung'uzanso.

Chilimwe chathachi kunamveka kuti bandi ina ya roko ikufuna woimba besi mmodzi woti ayende nayo m'mizinda ya kuno. Mtsogoleri wake ndi Chloe, mtsikana wachizungu woimba ng'oma, wamanja ngati wodula nkhuni. Iye anati safuna zoyeserana m'kachipinda. Ofuna malowo adzaimbe pa chionetsero cha Loweruka masana ku Greenwich, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, anthu akuona. Malo amodzi, ofuna asanu ndi awiri. Ruramai anandiuza poyera kuti akakanidwanso apa, ndiye kuti a Rogers ananena zoona.

Tinafika, ndipo tinapeza ndani? Eni akewo, a Rogers. Jekete lachikopa dzuwa likuswa mtengo, chipewa chachikulu cha makaubowi, ndi thabwa lodzaza timabokosi topondapo tosinthira mawu a gitala, towala magetsi ngati ndege.

"Ba Aunty, mwabwela kuona vamene nizachita?" anandifunsa. Kenaka anaona Ruramai. "Ah, na iwe? Mipando baika kale, mwana."

Asanu oyamba anaimba, ena bwino, ena tingoti Mulungu amawakonda. Kenaka anaitana Ruramai. Anakwera wopanda kabokosi ngakhale kamodzi, waya wake yekha. Chloe anamuuza zochita, ndipo ndikumasulirani chifukwa Chizungu changa n'cha pa basi: imba wekha kaye, kenaka ndikulowa ndi ng'oma, ndione ngati ungandigwire.

Anayamba pang'onopang'ono, chala chachikulu chikuyenda ngati munthu wolowa m'nyumba ya eni. Kenaka Hatchi anatulukira. Kenaka Chule. Dzanja lamanzere linakwera kukhosi n'kuyamba kuimba kanyimbo kakekake pamwamba, uku chachikulu chikugunda pansi, moti mzungu wina pafupi nane anasuzumira kuseri kwa sipika kufuna woimba wachiwiri. Ndiye mwadzidzidzi, zii. Kachitsa kanagwira nsambo zonse. Anthu anapuma limodzi. *Dum!*

Chloe analowa ndi ng'oma. Anathamanga, Ruramai ali pambuyo pake. Anachedwetsa dala, Ruramai ali pomwepo. Anamutembenukira mwachinyengo kawiri konse, koma mwana wa mchimwene wanga anamumatirira ngati chingamu kunsi kwa nsapato. Atamaliza, anthu anakuwa, ine nthungululu zanga zinathawitsa nkhunda za Greenwich yonse.

Otsiriza anali a Rogers. Anauza Chloe kuti ng'oma zikhale kaye. "Ine niimba neka, mungazanisokoneza."

Anaponda kabokosi kamodzi, n'kuyamba. Abale, ndisaname, zimene zinatuluka m'masipika zinali zoopsa. Liwiro lake, ukhondo wake, ngati anthu atatu. Iwo maso ali tseke, mutu ukugwedezeka, zala zikuuluka. Anthu anayamba kujambula ndi mafoni. Ndinayang'ana Ruramai, ndipo ndinaona dzanja lake lamanja likulowa m'thumba pang'onopang'ono.

"Andiposa, Azakhali," ananong'ona.

Koma mphepo ya pa Thames ilibe ulemu. Inabwera kamodzi, n'kunyamula chipewa chija. A Rogers anasiya gitala, n'kuchilumphira ndi manja onse awiri. Anachiphonya. Anachithamangira masitepe atatu, manja ali m'mwamba, gitala ikulendewera pamimba.

Ndipo besi inapitiriza kulira. Yokha. Mwaluso kuposa poyamba.

Kabokosi kaja n'kojambula mawu n'kumawabwereza. Bambowa anali atathiramo kale nyimbo yoimba munthu wina, iwo ntchito yawo inali kugwedeza zala ndi kukwinya nkhope.

Ine ndinaona kuti mpata uwu sungapite pachabe.

"A Rogers!" ndinakuwa. "Khalani pansi mupume, gitala yakula, ikudziimba yokha! Ndi imeneyi azungu ankaigwadira ku Lusaka?"

A kwathu amene analipo anagwa nacho chiseko, azungu n'kutsatira osadikira womasulira. A Rogers anathamangira kukazimitsa, koma chifukwa cha phuma anaponda polakwika, nyimbo ija n'kuyambiranso pachiyambi. Anapondanso, inayamba kulira chobwerera m'mbuyo. Chloe anagwira pamimba, timitengo take toimbira ng'oma titagwa pansi. Atapeza mpweya anatenga maikolofoni.

"Bambo, kabokosi kanu kaimba bwino kwambiri, koma m'galimoto yathu mpando watsala ndi wa munthu. Ruramai, Lachiwiri tikuyamba kukonzekera. Usachedwe."

Mwana uja anatulutsa dzanja m'thumba n'kulikweza m'mwamba, zala zinayi ndi theka, dzuwa likuwala pa kachitsa kaja. A Rogers anatsika akukoka mawaya awo, akung'ung'udza kuti magetsi a ku Greenwich si abwino. Chipewa chawo tinachiona chikuyandama pa mtsinje, chikulowera kunyanja. Mwina pano chafika kale ku France, chikuuza nsomba kuti chinaphunzitsa azungu.

Lero Ruramai waimba ku Leeds, ku Bristol, ku Glasgow, ndipo atsikana amamudikira pakhomo kuti awaonetse mmene amamenyera ndi chala chachikulu. Ine ndimapita ndikapeza mpata, thonje m'makutu, n'kumavina kutsogolo kwenikweni pakati pa anyamata a ndolo m'mphuno.

Tsono inu amene mukuwerenga, sindikudziwa chimene moyo unakudulani. Mwina ntchito, mwina mayeso, mwina munthu wina wapakamwa anakuvulani gitala anthu akuona. Lirani, n'zololedwa. Mukatha, yang'anani bwino dzanja lanu muone chimene chatsala, n'kuchigwiritsa ntchito mawa, ndi mkuja, mpaka khungu liume. Mtima wanuwo musautaye, ngakhale pang'ono. Ndipo ngati mukufunabe kugona pansi, ndiuzeni komwe mumakhala. Chipande ndili nacho, ndipo mawu anga sanasinthe.