Kapu ya madzi ija, Atata

Atata, lelo m'kalasi mwanga kuno ku Nyimba mwana wina wandifunsa kuti, "Amadamu, kodi anthu opondeleza anzawo amapezeka m'mabuku chabe?" Pomwepo ndangokumbuka inu.

Masana ena tili pakhonde ku Petauke, munali kundiwelengela buku la azungu a m'mafamu amene anali kukwapula anchito awo. Munakwiya mpaka kumenya buku pabondo: "Mwanawe, munthu sagwadila munthu mnzake!" Nthawi yomweyo amama anatulukila ndi kapu ya madzi, n'kugwada monga mwa masiku onse. Munalandila osawayang'ana n'komwe, munamwa, n'kupitiliza kuwelenga. Ine ndinaseka, amama ananditsina pamkono.

Ndinu munandikondetsa mabuku amenewa, ndipo chimwalilileni inu ndilibe wokangana naye. Koma mpaka lelo sindimvetsa. Amama amati kugwada ndi ulemu chabe, nanenso ndimagwadila amuna anga popanda wondikakamiza. Nanga bwanji bondo limandilemela ndikakumbuka mawu anu aja? Munapita ndisanakufunseni, Atata: kodi tsiku lija munawaona amama ali pansi?