Ndere m'thanki ya bwana ku Durban

Chaka chomwe matalala anang'amba fodya wathu ku Hewe, ndinauza mkazi wanga, a NyaGondwe, kuti ndikupita ku Joni. Sanandiletse. Anangondiperekeza mpaka pa Katowo pomwe ndinakwera matola.

Ku Durban ndinapeza ntchito ya m'nyumba kwa mzungu wina wokhala yekha. Pabalaza pake panali thanki yagalasi ya madzi amchere, momwe ankawetamo tinsomba tamawangamawanga ndi makoralo, zamoyo za m'nyanja zooneka ngati miyala yochita maluwa. Ankazikonda kuposa anthu. Ponyamuka ulendo wa masabata atatu, anandilamula kuti ndizithira chakudya pang'ono, kamodzi patsiku.

Ine ndinalibe wocheza naye. Ndikayandikira galasi, tinsombato tinkathamangira kwa ine, ndiye ndinkatidyetsa katatu. Patatha sabata, ndere zazitali ngati tsitsi zinamera pamiyala, kenako zinayamba kukuta makoralo.

Mapepala anga okhalira m'dzikomo anali atatha, ndipo bwanayo akapsa mtima ankakonda kutchula apolisi. Ndinajambula thankiyo pafoni n'kuthamangira kusitolo yogulitsa nsomba zoterezi. Mayi wa m'sitolomo anati chakudya chotsala ndicho chimanenepetsa ndere. Anandiuza kuti ndizizimitsa msanga magetsi a pathanki, ndizisintha madzi pang'onopang'ono, ndipo anandigulitsa nkhono zodya ndere. Ndalama yomwe ndinati nditumize kumudzi inathera pomwepo.

Tsiku lililonse ndinkazula ndere ndi zala, kukwecha miyala ndi mswachi, manja akuthetheka ndi mchere. A NyaGondwe akaimba, ndinkati ndili makora chomene, kutanthauza kuti ndili bwino kwambiri. Iwonso ankati kunyumba onse ali makora.

Bwana atafika analunjika pathanki asanavule ndi jekete lomwe. Ndere zinali zitachepa, koma koralo yaikulu ya pakati inali itayera mbuu.

"Wapha chinthu chimene ndachilera zaka zambiri," anatero motsitsa mawu, foni ili m'manja. "Mawa ndisakupeze pano."

Ndinatuluka tsiku lomwelo. Ntchito ina sinapezeke, ndipo ndikaona galimoto ya apolisi ndinkakhotera m'kanjira. Patatha mwezi ndinakwera basi.

Ku Hewe ndinapeza amama atakhala pakhonde. Ndinagwada patsogolo pawo, koma maso awo anandipitirira. Anatambasula manja n'kuyamba kundipapasa kumaso. Anali atasiya kuona kuyambira dzinja lapitalo, ndipo a NyaGondwe ndiwo ankawatsogolera paliponse, kumunda akulimanso okha.

Ndinafunsa mkazi wanga chifukwa chimene anandibisira, koma anayankha ndi amama, akadandigwira masaya.

"Ndinawaletsa ndine, mwanangu. Ndinkaopa kuti usiya ntchito yako yabwino ija."