A Yesaya ndi Makompyuta Ofunda Zitenje

A Yesaya a ku Chikamveka anagwira umesenjala pa ofesi ina ya boma muno mu Zomba zaka makumi awiri. Makompyuta atabwera, ntchito yowapukuta fumbi inali yawo. Kuyatsa ayi, sanayatsepo, koma kunyumba ankalankhula ngati anawapanga ndi iwo.

Ndiye mwana wawo Esitere atakhoza Fomu 4, ndani akanasankha sukulu ya makompyuta kuposa katswiri ameneyu?

Anayambira ku Chikanda. Anapeza kachipinda kothina, ophunzira akulimbirana mipando, mawaya ali balala. Anadutsitsa chala pa kompyuta imodzi, chalacho n'kubwerako chofiira ndi fumbi. Anatuluka osatsanzika.

Sukulu yachiwiri inali m'tauni. Polowa umavula nsapato. Makompyuta khumi onse anali atafunditsidwa zitenje zosita bwino, ndipo mwini sukuluyo anawatchula a Yesaya kuti "bwana", dzina lomwe anali asanaitanidwepo chibadwire. Analembetsa mwana tsiku lomwelo.

Itatha miyezi isanu ndi umodzi, satifiketi inapachikidwa pabalaza. Kenaka ku ofesi kwawo kunapezeka malo a kalaliki, a Yesaya n'kuchonderera mabwana kuti amuyese mwanayo. Esitere anakhala pampando, manja pamiyendo, kompyuta ili zii. Poyatsira sanapadziwe. Bambo ake anali chilili pakhomo ndi thireyi ya tiyi.

Pobwerera anamufunsa: "Iwe, miyezi yonseyi unkaphunzira chiyani?"

"Ababa, pansi pa zitenje paja yamoyo inali imodzi, ya aphunzitsi. Ife tinkataipa pa makatoni ojambulapo zilembo."

"Osandiuza bwanji?"

"Inu munkauza aliyense kutchalitchi kuti mwasankha ndinu. Ndikanayambira pati?"

Malowo anatenga mtsikana wina, wophunzira m'kachipinda ka fumbi kaja.

A Yesaya pakamwa panachepa. Sabata yathunthu ankalowera khomo lakuseri, kuopa kuonana ndi satifiketi. Lolemba linalo, nkhungu idakali paphiri, anamutenga Esitere ulendo wa ku Chikanda, chipewa chili m'manja.

"Achimwene," anatero kwa mphunzitsi, "tayatsani onse ndione."

Onse anayaka. Esitere anayambiranso, miyezi isanu ndi umodzi itatayika.

Mpaka Esitere atamaliza, Loweruka lililonse a Yesaya ankafika ndi kansalu kawo kudzapukuta makompyutawo, popanda wowatuma. Ankati akungothandiza, koma maso ali pa zimene mwana wawo akuchita pa kompyuta. Esitere akatembenuka, iwo ankayang'ana pansi n'kupukutanso pamene apukuta kale.