Zikhomo za Ripeka pa Ayezi

Kunkamveka kuti Eruera sanagwere mumng'alu wa ayezi ayi, koma anathawira ku Sydney ndi Beryl, mayi wophika kuhotela. Ine Denis ndinkakhulupirira pang'ono, ndipo ndisaname, kumowa ndinkathirako ndemanga. Umboni unalipo. Tsiku limene Eruera anasowa, Beryl anakwera basi ya ku Hokitika ali ndi masutikesi awiri. Munthu mmodzi masutikesi awiri, inayo inali ya yani?

Eruera ndi ine tinagwira ntchito limodzi zaka khumi ndi ziwiri, kusema masitepe pa chimtsinje cha ayezi chimene chimatsika m'phiri mwathu, kuti alendo akwere osaterereka. Tinkasema m'mawa uliwonse, poti masitepe adzulo umawapeza atapendama kapena atang'ambika pakati. Alendo akafunsa chifukwa chake, ndinkawauza kuti mbalame za kea zimadya masitepe. Ena ankalemba m'timabuku tawo.

Koma nkhani ino ndi ya mkazi wake, Ripeka, wochapa zovala kuhotela komweko, mayi wamfupi wa manja osupuka ndi sopo. Sukulu anailekeza pamene ndinailekeza ine, kutanthauza kuti pafupi ndi chitseko. Mphekesera ija inamupweteka pamalo amodzi. Abale a Eruera anakana kulira maliro, nakananso kulemba dzina lake pamwala kumanda akwawo. Ankati sangalire munthu amene mwina akudya ayisikilimu kutsidya kwa nyanja.

Ife amuna tinafufuza sabata yathunthu pa mng'alu umene panapezeka chipewa chake, kumtunda kwenikweni. Chaka chotsatira tinabwereranso pomwepo ndi zingwe. Tinkadziwa kuti pamwamba pa ayezi pamasuntha, ifeyo si osema masitepe? Koma tinkati pansi pake anamatirira kuthanthwe ngati chikamba mumphika, choncho chogwera pansi chimakhala pomwepo. Titapeza kuti palibe kanthu, mphekesera inanenepa.

Ripeka sanakwere nafe. Lamlungu lina anandikoka mkono mpaka kumunsi, kuphanga kumene mtsinje umatulukira pansi pa ayezi. Anatunga madzi m'chitini, oyera ngati otsukira mpunga, nandiuza kuti ndiwatikite ndi zala. Munali ufa wa mwala.

"Alamu, ufa umenewu akupera ndani?"

Ndinati mwina angelo.

"Mutu wonsewu ndi wongonyamulira chipewa? Akupera ndi ayeziyu. Chinthu chomatirira sichipera."

Anandifotokozera monga wochapa. Sopo pa thabwa louma amakhala phee, koma thirapo madzi, umamutola pansi. Anati kulemera kwa ayezi kumasungunula kunsi kwake, madzi amvula nawo amatsikira m'ming'alu, ndiye chimtsinje chonsecho chimaterereka pathanthwe, chitanyamula miyala imene imakwecha pansi. Mwamuna wake, anatero, akubwera kumunsi, kungoti akuyenda pang'onopang'ono monga ankachitira pochokera kumowa ndi ine.

Anandipatsa ntchito, osafunsa ngati ndikufuna. Ndinakhoma zikhomo zisanu mu ayezi, molunjika ndi miyala iwiri imene ndinapaka penti yofiira, wina tsidya lino la chigwa, wina tsidya linalo. Loweruka lililonse ndinkayeza ndi mpini wa nkhwangwa kuti zikhomo zatsika bwanji, n'kukamuuza kochapira. Ankandilipira tinsomba tokazinga ndi mazira, ndipo ndikanamizira muyeso chifukwa cha ulesi ankadziwa, tinsomba n'kuchepa. Sabata youma zikhomo zinkayenda mipini makumi awiri. Mvula ikagwa masiku atatu, mtsinje kumunsi n'kudzaza, zinkathamanga kuposa pamenepo kwambiri. Ndinayamba kuchita manyazi ndi chikamba changa chija.

Titayeza chaka chathunthu, Ripeka anauza apongozi ake kuti adikire zaka zisanu ndi ziwiri kuchokera tsiku losowa, ndipo asapereke malo a mwana wawo kumanda kwa munthu wina. Mayi aja anangoti amva. Anthu kuhotela ankamuseka, ndipo ine, pofuna kuti asandiyese wofewa, ndinkamufunsa pagulu ngati kalata ya ku Sydney yafika. Ankandiyankha kuti yafika, Beryl akufuna mwamuna wachiwiri wa sutikesi inayo, koma akhale wosamba.

Anakana amuna awiri omufunsira. Analera mwana wake wamkazi ndi sopo yemweyo. Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankavala nsapato za mphira, n'kukayenda m'mphepete mwa ayezi kumunsi, kumene zibuma za ayezi zimagumuka. Anatola ndodo za alendo, magalasi a maso atatu, ndi nkhosa yakuthengo yathunthu. Nkhosayo ndinati tiwotche, anandithira madzi aja.

Chaka chachisanu ndi chimodzi kunagwa mvula yoti milatho iwiri inapita. Zikhomo zinathamanga mwezi wonse. Ripeka anapempha tchuthi, nati mwamuna wake afulumira, ndimuperekeze. Tinayenda masiku anayi osaona kanthu. Tsiku lachisanu masana, kumanzere kwa phanga, chibuma china chinali chitangogwa, ndipo m'kati mwake munkaoneka chinthu chofiira.

Ndinasema ndine. Inatuluka nsapato, m'kati muli sokosi yofiira yoluka Ripeka, yokhala ndi chigamba chobiriwira pachidendene. Pambali pake panali mafupa, lamba, ndi nkhwangwa yopindika, pampini pali zilembo zimene ndinamuotchera ndekha ndi msomali.

Ripeka anakhala pamwala, nsapato ili pamiyendo, nalankhula nayo m'chinenero chakwawo kwa kanthawi. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Alamu, munali ndi pakamwa ponyamulira bodza. Lero nyamulani izi mukauze apongozi anga, ndipo mukadzere kumowa, nawonso amve."

Ndinadzerako. Maliro analiridwa masiku atatu, dzina linalembedwa pamwala, ndipo ine anandiika kotsuka mbale. Eruera sanathawe ndi Beryl, ndipo ku Sydney sanapiteko. Zaka zisanu ndi chimodzi zonsezo anali mu ayezi.