K yotembenuka

Ndikukumbukira Lamlungu lachiwiri la mwezi wa Meyi, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndinali nditakhala pa kapeti m'nyumba ya Anti Tisa ku Croydon, mumzinda wa London, ndikusongola pensulo, kudikira kuti mpira wa besibolo uyambe. Tsikulo ndikulidziwa bwino chifukwa ndinalilemba m'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku, kamene ndikadali nako.

Anti Tisa sanali m'bale wathu. Anali mayi wa ku Chipata amene ankagwira ntchito ndi amayi anga kunyumba yosamalira okalamba, ndipo amayi akakhala pa shifiti Lamlungu ankandisiya kwawo. Besibolo anaiphunzira kwa nkhalamba ina ya ku America imene anaisamalira zaka zinayi. Pomwalira, nkhalambayo inawasiyira buku lolembamo zochitika m'masewero, chipewa chofwifwa, ndi timu imene inkaisapota. Timuyo inali isanatengeko chikho chiyambire nkhalambayo ili mnyamata.

"Anthu amasiyiridwa manyumba," ankatero Anti. "Ine ananisiyira mavuto."

Poyamba sindinkaona chokoma chake. Munthu mmodzi aponya kampira, wina aima ndi ndodo kuti akamenye, enawo angoti yakaliyakali m'bwalo. Womenyayo akaphonya katatu watuluka, ndipo kampira kabwino kakadutsa iye osakamenya amawerenganso ngati waphonya. Ndinkangoyang'ana pa tabuleti imene tinkaonerapo mpirawo chifukwa cha ulemu. Koma tsiku lina Anti anandipatsa pensulo nati maso awo atopa, ndilembe ndine. Pamenepo mpamene anandikola. Ine ndinali mwana wosayankhula, koma kulemba ndinkakukonda. Womenya aliyense anali ndi kabokosi kake, ndipo chilichonse chimene wachita chinali ndi chizindikiro chake. Pofika chaka chachiwiri ndinali nditaloweza mayina onse, ndinkavala chipewa chija ngakhale chinkanditsekera maso, ndipo kutchalitchi ku Peckham ndinkaipempherera timuyo chamumtima, ndikuchita manyazi ndi Mulungu. Anyamatawo ankagonjabe. Ankatha kutsogola masewero onse n'kudzataya kumapeto. Anti ankangoti, "Ndiye anyamata athu amenewo," n'kupita kukateleka tiyi.

Womenya akatuluka chifukwa chophonya katatu, m'kabokosi mwake mumalembedwa K. Anti ankandiseka nazo, poti dzina langa ndi Khumbo. "Buku yonse yadzala na dzina yako, mwana iwe."

Kusukulu sindinali Khumbo. Aphunzitsi atalephera kulitchula dzinali ananditcha Kim, ine osawakonza. Palibe ankadziwa kuti ndimamva Chichewa, ndipo ndinkafuna zikhale choncho. Koma sabata ya Lamlungu lijalo, m'kalasi mwathu munabwera mtsikana wachilendo, Tadala, wangofika kumene kuchokera ku Dedza. Chizungu ankachidziwa, koma cha ana a ku Croydon chinkamuthamangira kwambiri.

Lolemba aphunzitsi anafunsa ngati alipo wodziwa chiyankhulo chake. Ndinayang'ana desiki. Lachitatu pa nkhomaliro Tadala anagwetsa foloko, ndipo ndinamumva akuti "mayo ine" chapansipansi. Mawuwo anandilasa ngati wawanena ndi amayi anga, koma ndinanyamula mbale yanga n'kukakhala kwina. Lachisanu tinakwera tiramu imodzi, kasitima koyenda m'tauni. Anayang'ana kachikwama kanga kachitenje kosungiramo mapensulo, kenako anandiyang'ana ine.

"Kodi iwe si wakwathu?" anafunsa motsitsa mawu.

Anzanga awiri anali pampando wakutsogolo. Ndinatembenukira kuwindo ngati sindinamve. Anatsika pa siteji yotsatira, ngakhale ndikukhulupirira kuti sinali yake. M'kabuku kanga tsikulo ndinangolemba kuti kunagwa mvula. Ndinkadziuza kuti sindinamulakwire, poti sindinanene kanthu.

Tsono Lamlungu lija mpira unayamba sikisi koloko, kunja kukadawala. Anyamata athu anasewera bwino modabwitsa. Pofika kumapeto anali atatsalira ndi chigoli chimodzi chokha, anzawo awiri ali pamalo oti mpira ukangomenyedwa athamange kukamaliza kuzungulira bwalo, apeze zigoli ziwiri, timu ipambane. Wotsiriza kumenya anali mnyamata wina wamtali, wamanyazi, amene ndinkamukonda kuposa onse chifukwa sankayang'ana kamera. Ndinagwada pafupi ndi tabuleti, pensulo ili kukamwa.

Mpira woyamba unadutsa, iye osagwedezeka. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu unabwera pakati penipeni, wabwino, woti ngakhale ine ndikanaugunda. Anangouperekeza ndi maso, ndodo ili paphewa. Masewero anathera pomwepo.

Ndinalemba K mokanikiza mpaka pensulo inathyoka.

"Walakwitsa," anatero Anti. "Futa. Iyo K uitembenuze, iyang'ane kumbuyo."

"Bwanji, Anti? Si watuluka?"

"Watuluka, inde. Koma K yowongoka ni ya munthu amene wayesa, waphonya. Uyu sanayese. Amene waimirira chabe timamulemba yotembenuka."

"Nanga zikusiyana pati? Tagonjabe."

"Ku timu sizisiyana. Zisiyana kwa iye akapita kunyumba."

Ndinafufuta. Kulemba K chotembenuza n'kovuta, dzanja limakana. Ndili mkati moyesa ndinayamba kumukalipira mnyamatayo, ine amene sindinkakweza mawu. Ndinati anzake amamudikira. Ndinati bola akanaphonya. Ndinati katatu konse munthu kungoyang'ana ngati sakuona. Nditanena zimenezo misozi inayamba kugwera pabuku la nkhalamba ija.

Anti analichotsa bukulo msanga kuti lisanyowe. "Iwe, ulirira anyamata awa? Uzauma. Ine nayamba kudala, zaka na zaka." Atandiyang'anitsitsa anasiya nthabwala. Anandipatsa tiyi wothira shuga wambiri, n'kukhala pansi pambali panga, mawondo awo akulira.

"Amayopa," anatero. "Aganiza kuti akaimirira chabe, palibe azaona. Manje ise tilemba."

Papita zaka zambiri. Anti Tisa anabwerera ku Chipata, buku lija anandisiyira ine, pamodzi ndi mavuto ake. Timu yathu sinatengebe chikho. Chaka chilichonse ndimayamba ndi chiyembekezo, ndipo chaka chilichonse ndimateleka tiyi. Sindidandaula akaphonya. Chimene ndinamvetsa ndi chakuti ine ndinkaganiza kuti kukhala chete ndiko kufatsa, ndipo anthu ankanditamanda nako. Sindinkadziwa kuti nthawi zina kukhala chete kumatsitsa munthu pa siteji yomwe si yake.

Tadala, amene masiku ano amandiseka ndi timu yangayi, sanaonepo tsamba la Lamlungu lija m'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku. Pamwamba pake pali ma K atatu otembenuka, okhotakhota, ndipo pambali pa iliyonse ndinalemba tsiku lake: Lolemba, Lachitatu, Lachisanu. Pansi pake pali mizere iyi:

"Mawa pa nkhomaliro ndikakhala pa tebulo lake. Ndikanena kuti, waswera bwanji, ine dzina langa ndine Khumbo. Mwina sakandiyankha, ndipo sindingamunene. Koma K yanga ikakhala yowongoka."