Mabuku Osadula Masamba

Chaka chimene mwana wanga wamkazi ankapanga chinkhoswe, ndinali pa ntchito ya m'nyumba ku Al Markhiya, kunja kwa dziko lathu. Bwana wanga ankagula mabuku akalekale a Chifalansa, oyamba kusindikizidwa, okhala ndi zithunzi zozunguza mutu: ambulera yomera mano, mkazi wa mutu wa nsomba, bambo akutuluka m'khutu lake lomwe. Ojambulawo akanakhala a kwathu, abale awo akanathamangira nawo kwa sing'anga.

Mabukuwo anali ndi chipinda chawochawo, chozizira kuposa changa. Munali makina oyamwa chinyontho, ndipo tanki yake inkafunika kukhuthula tsiku ndi tsiku. Ambiri masamba ake anali ogwirana m'mphepete, osadulidwa chichokereni kosindikiza. Bwana ankati ulemu wa buku ndi umenewo, woti palibe analiwerengapo. Ine zinkandinyansa.

Nyengo yotentha banja lonse linkathawira ku Ulaya, ine n'kutsala ndi tanki. Chinkhoswe chinagwera nyengo yomweyo. Nditapempha tchuthi, bwana anati ndipeze kaye munthu wodalirika wosamala mabuku.

Mtima sunakhalenso m'malo. Chikwama ndinkalongedza, kumasula, kulongedzanso. Ndinkasita malaya osita kale. Lachisanu, tsiku lopemphera kumeneko, kutchalitchi ku Abu Hamour ulaliki sindinkaumva, maso ali pa amayi anzanga, kusankha woti ndimugwire mwendo potuluka. Aliyense anali ndi madamu ake ovuta. Pomaliza anavomera achemwali ena achisilamu a ku Mangochi, achikulire ndithu, ogwira ntchito nyumba yoyandikana nafe. Madamu awo analola kuti azibwera m'mawa uliwonse.

Bwana anafuna kuwaona yekha. Analowa nawo m'chipinda chija, nawaonetsa makina, kenako anawapatsa buku limodzi kuti aone kagwiridwe kawo. Achemwali atapenya mkazi wa mutu wa nsomba anangoti, "Astaghfirullah," chapansipansi, koma anapirira chifukwa cha ine. Foni ya bwana inalira, iye n'kutembenukira kuzenera.

Achemwali ananyambita chala n'kutembenuza tsamba, monga tonse tinazolowera kupulayimale. Ine thukuta kamukamu m'chipinda chozizira chotero. Tsamba lotsatira analipeza logwirana ndi linzake.

"Mwaona, asisi? Ku factory anaiwala kudula," anandinong'oneza. "No problem, ndilikonza pompano."

Anazula pini pampango wawo. Anali munthu wosakonda kusiya chinthu chili chopotoka, ndipo ankafuna bwana aone kuti ndapeza munthu wa maso. Ndisanawagwire dzanja, bwana anacheuka. Pini inali italowa kale pakati pa masamba, isanang'ambe kanthu.

Sanakalipe. Anatenga buku lake ndi manja awiri ngati khanda, nati, "Khalas," ndiye kuti basi, zatha. Anathokoza achemwali mwaulemu, n'kuwaperekeza mpaka pakhomo. Kwa ine anati tchuthi tidzakambirana akadzabwerako ku Ulaya.

Achemwali analira kuseri kwa geti, akupepesa mlandu umene sankaudziwa. Ndinawakwiyira tsiku lonse, ndipo mkwiyowo unkandichititsa manyazi.

Ndinazengereza mpaka madzulo ndisanaimbire mwana wanga. Anali kwa telala, akuyesa diresi, anzake akuseka kumbuyo. Ndinamuuza kuti sindibwera, pali zoti ndisamale kuno ndipo palibe wondigwirizira. Anatuluka panja kuti andimve bwino.

"Pepani, amayi," anatero. "Kodi akudwala ndani kumeneko?"