Mlandu Umene Ba Chongo Anauthawa

Kukhoti la ku Mpika aliyense ankawadziwa Ba Chongo, Mbemba amene anali wapolisi woimira boma pa milandu. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu anali asanapemphepo woweruza kuti mlandu uthetsedwe, ngakhale lamulo linkawalola, ndipo ankadzitama nazo paliponse, ngakhale pogula chikanda kumsika. Ankati wapolisi wothetsa milandu ndi mlesi. Akazi awo ankati ndi makani chabe, poti ndi kunyumba komwe bambowa anali asanagonjepo.

Kutatsala mwezi kuti apume pantchito, anawapatsa mlandu wa Thole, telala wachingoni. Pamaliro a Mbemba wina, Thole anathira ufa m'mutu mwa mphwake wa malemu n'kumuvula nsapato. Angoni ndi Abemba amatero pamaliro: onyoza ndi kupaka anamfedwa ufa ndi omwewo amene amakumba manda. Koma mphwakeyo anakulira ku Joni, suti yake inali yatsopano, ndiye anakadandaula kupolisi kuti wamenyedwa ndi kuberedwa. Mboni zinalipo mudzi wonse. Thole ndende inkamuyembekeza.

Ba Chongo anavutika nazo mumtima sabata yathunthu. Mlandu wosavuta kupambana chonchi anali asanaugwirepo, koma unkawachititsa manyazi.

Tsiku la mlandu anaimirira, kutsokomola kawiri, n'kunena chapansipansi kuti boma likupempha kuti mlanduwu uthetsedwe. Kalaliki analeka kulemba. Woweruza, mayi wachilozi, anati abwereze mokweza, chonsecho anali atamva bwinobwino. Kenako anafunsa chifukwa chake, ndipo Ba Chongo anayamba ndi mawu aulemu a Chibemba.

"Mukwai, manda a amayi anga anakumba ndi anthu amenewa. Ndikamumanga uyu, ine adzandiika ndani? Wa sutiyu?"

Woweruza anati chifukwa chimenecho m'mabuku mulibe, koma analemba china chomveka mwalamulo n'kumumasula Thole.

Panja Ba Chongo anaima pakhonde kudikira zikomo. Thole anawayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kumapazi, n'kuyamba chipongwe chimene Angoni ndi Abemba amachitirana.

"Odya anyani inu, mantha basi. Mwathawa Mngoni mmodzi yekha?"

"Choka apa, wodya mbewa iwe."

"Ndikupita, Ba Chongo. Koma tsiku lanu likadzafika musadzandichedwetse, ndili ndi zosoka zambiri. Dzenje lanu ndidzakumba ndekha, lakuya kwambiri, mungadzatulukemo n'kuyambiranso milandu."

Ba Chongo anaseka mpaka misozi. Mbiri yawo inali itathera pomwepo, koma mtima unali m'malo: wowaika analipo.